Funsani Alembi: Zoyeserera za Tsiku ndi Tsiku kwa Wofuna Kunola Cholembera

Makalata ambiri a mwezi uno akuzungulira pa nkhani imodzi. Ena akufuna kumalemba tsiku lililonse koma sakudziwa cholemba, ena alemba miyezi ingapo osaona kusintha. Tasankhapo 8, ndipo ataliatali tawafupikitsa.

Ndinagula kope kuti ndizilemba tsiku ndi tsiku, koma ndikalitsegula m'mutu mumangoti zii. Mnzanga anandipatsa mitu monga "chikondi", "umphawi" ndi "imfa". Ndimalemba mizere iwiri n'kuima. Kodi vuto ndi ine?
*Woyamba kumene*

Vuto si inu, ndi mituyo. "Chikondi" ndi nyanja, ndipo munthu akakuuzani kuti mumwe nyanja simudziwa poika pakamwa. Choyeserera chothandiza chimakhala ndi zinthu 3: chochitika chimodzi chooneka ndi maso, malire a nthawi kapena a mawu, ndi lamulo limodzi lokutsekerani njira yachidule. Taonani kusiyana kwake. Wina akuti, "Lembani za chikondi." Wina akuti, "Mayi akusokerera batani pa shati ya mwamuna amene anachoka chaka chatha. Mawu 150. Musatchule chikondi, mtima kapena misozi." Wachiwiriyu wakupatsani singano, ulusi ndi shati. Dzanja layamba kale kuyenda. Lamulo loletsa lija ndiye mwini ntchito, chifukwa mawu atatu aja ndi amene aliyense amathamangira, ndipo akatsekedwa mumakakamizika kuyang'ana zala za mayiyo.

Mitu yotere simufunika kuipempha kwa munthu. Tengani maenvelopu 3. M'yoyamba ikanimo timapepala 20 tolembapo anthu: mlonda wausiku, namwino wotopa, mwana wobwereza kalasi, woyendetsa basi wokalamba. M'yachiwiri ikanimo malo 20, m'yachitatu mavuto 20 ang'onoang'ono: kiyi watayika, kalata yafika kwa munthu wolakwika, ngongole yakumbutsidwa pagulu. M'mawa uliwonse tolani kamodzi mu envelopu iliyonse, mukalemba bwezeranimo. Timapepala 60 timeneti tikhoza kuphatikizana m'njira 8,000, zokwanira zaka pafupifupi 22. Mavuto akhale ang'onoang'ono ndithu. Mukaikamo nkhondo ndi kusefukira kwa madzi mubwerera kunyanja kuja.

Nthawi ikhale mphindi 15, yofanana tsiku lililonse, wotchi itatcheredwa. Ngati dzanja lili louma, yambani ndi mphindi 5 zolemba chilichonse chobwera m'mutu osaima, osafufuta, ngakhale kubwereza "ndilibe cholemba" mpaka china chitulukire. Njira imeneyi anaitchukitsa ndi mphunzitsi wa ku America, Peter Elbow, m'chaka cha 1973. Koma dziwani kuti kumeneku n'kutenthetsa thupi chabe, mpira weniweni sunayambe. Anthu ena amakhala chaka chonse akungotenthetsa thupi.

Zimene zimagwetsa ambiri ndi ziwiri. Wina akadumpha masiku 3 amafuna kubweza ngongole yonse tsiku limodzi, n'kutopa, n'kusiyiratu. Tsiku lodumphidwa lapita, yambirani pa lero. Wina sabata yoyamba ikamuyendera bwino amakweza mlingo kufika ola lathunthu, sabata yachitatu kope lili pansi pa bedi. Khalani pa mphindi 15 kwa mwezi wonse musanawonjezere.

Ine ndine mlakatuli, ndakatulo zokhazokha. Anzanga akuti ndiziyeserako nkhani ndi masewero. Kodi si kutaya nthawi kumeneko?
*Mlakatuli wachinyamata*

Achimwene kaya achemwali, anzanuwo akukufunirani zabwino. Mtundu uliwonse wa zolemba umanola mbali yakeyake. Ndakatulo imaphunzitsa khutu ndi kusankha mawu. Nkhani yaifupi imaphunzitsa kuti chinthu chichitike chifukwa cha chinzake. Sewero limakulandani mlankhuli wofotokoza, n'kukusiyani ndi pakamwa pa anthu pokha. Chimangirizo chimakufunsani ngati mfundo yanu ingaime yokha popanda zokometsera. Alakatuli osayesa zina amadziwika msanga: mawu okoma, koma ndime yachinayi ikunena zomwe yoyamba inanena kale.

Njira yosavuta ndi kutenga chochitika chimodzi n'kuchiyendetsa sabata yonse. Tinene kuti mwana wapeza foni pampando wa basi. Lolemba lembani zimene maso aona basi, mawu 150, popanda maganizo a munthu aliyense. Lachiwiri chikhale kukambirana kwa mwanayo ndi mayi ake, mizere 20. Lachitatu ndakatulo ya mizere 8 yolankhula foniyo. Lachinayi kalata ya mwini foni kwa amene anaitola. Lachisanu ndime imodzi ya chimangirizo yoyankha funso loti wotola chinthu ali ndi mangawa otani. Loweruka nkhani yathunthu ya mawu 300. Lamlungu musalembe chatsopano, werengani zonse 6 mokweza. Mudzapeza kuti mtundu umodzi unakuvutani kuposa ina. Sabata yotsatira muupatse masiku awiri, chifukwa pamene panakuwawanipo ndi pamene pali chofooka.

Ndamva za haiku ndi soneti. Kodi zimatheka m'Chichewa? Nanga n'chifukwa chiyani ndakatulo zanga zokhala ndi mathero ofanana zimamveka ngati nyimbo za ana?
*Wophunzira wa kukoleji*

Zimatheka, bola mudziwe powerengera. Haiku inachokera ku Japan, ndipo katswiri wake wodziwika kwambiri ndi Matsuo Basho, amene anamwalira mu 1694. Imakhala ndi mizere 3 ya maphatikizo 5, 7 ndi 5, onse pamodzi 17, ndipo mwa chikhalidwe chake imakhala ndi mawu osonyeza nyengo ya pachaka. M'Chichewa kuwerenga maphatikizo n'kosavuta popeza pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu: werengani a, e, i, o, u amene ali mumzere. Msampha uli pa "m" woima payekha. "Mvula" ndi maphatikizo 2, mvu-la, ndipo "mphepo" ndi 2, koma "mtengo" ndi 3, m-te-ngo, "mkono" ndi 3. "Mbale" yodyera ndi 2 pamene "m'bale" wanu ndi 3. Mukakayika, nenani mawuwo pang'onopang'ono mukuwomba m'manja. Nachi chitsanzo chomwe tapeka:

Mvula yaleka
dontho lili pa waya
lakana kugwa

Werengani: mvu-la ya-le-ka, 5, do-ntho li-li pa wa-ya, 7, la-ka-na ku-gwa, 5. Mawu a Chichewa ndi aatali, choncho maphatikizo 17 amakupatsani mawu 7 kapena 8 okha. Mneni mmodzi ngati "sindinakuoneninso" wadya kale mzere wonse ndi kupitirira. Ndiye phindu lake la choyeserera chimenechi: chimakuphunzitsani kusiya afotokozi ndi kugwira chinthu chimodzi. Cholakwika chofala ndi kusandutsa mzere wachitatu kukhala phunziro, monga "moyo ndi wovuta". Mzere wachitatu ukhale chithunzi, owerenga adzipezere okha chomwe chikuwakhudza. Lembani imodzi patsiku kwa masiku 30, zonse za zinthu zimene mwaziona tsiku lomwelo.

Soneti ndi ya mizere 14. Ya Chitaliyana, imene anaitchukitsa mlakatuli Petrarch, imagawika 8 ndi 6, ndipo pamzere wa 9 ganizo limatembenuka. Ya Chingerezi, monga 154 zija za Shakespeare zosindikizidwa mu 1609, imakhala ndime 3 za mizere 4 ndi mizere 2 yotsekera. Chofunika kubwereka pamenepa ndi kutembenukako. Lembani mizere 8 yonena kuti munthu wina mwamuiwala, kenako mizere 6 yoyamba ndi "koma". Mzere uliwonse ukhale ndi maphatikizo 12 mpaka 14. Mukatsanzira maphatikizo 10 a mzere wa soneti ya Chingerezi mudzapanikizika, mawu athu sakwanamo.

Tsono za mathero ofanana. Chichewa chili ndi malembo a liwu 5 okha, ndipo aneni ambiri amathera ndi "a". Kufananitsa "kulira" ndi "kupita" si luso, zimachitika zokha, ndipo khutu silimva kanthu. Mukafuna kuti zimveke, fananitsani maphatikizo awiri omaliza, monga "mtima" ndi "mdima", popeza kumapeto kwa mzere liwu limatalika pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo khutu limatchera pamenepo. Ndakatulo zanu zikumveka zachibwana chifukwa, mwina, mukusankha mawu kuti agwirizane ndi mzere wapamwamba, tanthauzo n'kumatsatira pambuyo ngati mbuzi yokokedwa. Kwa sabata ziwiri dziletseni kufananitsa mathero. M'malo mwake yesani chibwereza cha kumayambiriro kwa mizere, ndi kugwirizana kwa magulu a mayina kumene chilankhulo chathu chimapereka chaulere: "chingwe chakale chaduka chokha". Nyimbo ya Chichewa nthawi zambiri imakhala kumutu kwa mawu, osati kumchira.

Anthu a m'nkhani zanga akamalankhula amakhala ngati akulalikira. Mkonzi wina anandibwezera sewero langa ati "anthuwa onse ndi munthu mmodzi". Ndichite chiyani?
*Mayi wolemba masewero*

Mayi, mkonziyo wakuuzani zoona, ndipo matendawa ndi ochizika. Amayamba pamene wolemba akugwiritsa ntchito pakamwa pa atengambali pouza omvera zimene iye akufuna adziwe. Mudzamva mlongo akuuza mlongo wake kuti, "Monga ukudziwa, bambo athu anamwalira zaka zisanu zapitazo n'kutisiyira nyumba iyi." Ngati akudziwa, akumuuziranji? Anthu odziwana satchula zimene onse akudziwa, amazizungulira.

Choyeserera choyamba chili chonchi. Anthu awiri, malo amodzi, mizere 20. Musanayambe, lembani pambali chimene aliyense akufuna kwa mnzake: mwana akufuna ndalama, bambo akufuna kumva kuti mwanayo sasamuka. Lamulo ndi loti palibe atchule chimene akufuna, ndipo mzere usapitirire mawu 12. Funso lisayankhidwe mwachindunji koposa kawiri. Zimatuluka motere:

"Denga lija likudonthabe?"
"Wafunsa liti za denga iwe?"
"Ndimangofunsa."
"Basi ya mawa ndi ya nthawi yanji?"
"Sindinanene kuti ndipita mawa."

Palibe watchula ndalama, koma womvera wamva kale kuti pali china chikubisidwa.

Chachiwiri ndi cha kusiyanitsa mawu. Mukamaliza, phimbani mayina a olankhula n'kupatsa munthu wina awerenge. Akalephera kudziwa wolankhula pa mizere yoposa 3 mwa 20, bwererani. Patsani aliyense chizolowezi chimodzi cha pakamwa, osati zambiri: wina amayankha ndi funso, wina samaliza ziganizo, wina amakonda miyambi koma amaiponya polakwika. Ndipo musaiwale chida chimene Chichewa chinakupatsani, kusiyana kwa "iwe" ndi "inu". Mkazi amene wakhala akunena "inu" kwa mwamuna wake masamba atatu, akangoti "iwe" kamodzi, omvera onse amadziwa kuti zaipa popanda wina kuwauza. Chimodzimodzi bwana akayamba mwadzidzidzi kutchula wantchito wake kuti "achimwene". Lembani kukambirana kumene kusintha kotereku kukuchitika kamodzi kokha, ndipo muyese kukuika pamzere wa 5, kenako wa 12, kenako womaliza. Mudzaona kuti sewero lonse limasintha nako.

Chachitatu ndi cha khutu. Mvetserani anthu akucheza kwa mphindi 5, mukatero lembani zimene mwakumbukira, osatchula mayina awo. Mudzadabwa ndi kuchuluka kwa ziganizo zoduka, kudulana mawu ndi kubwereza. Musazikopere zonse m'sewero, zingatopetse. Tengani kafungo kake kokha. Ngati ndi sewero la pawailesi, kumbukirani kuti womvera saona kanthu: aliyense atchulidwe dzina m'mizere yoyambirira, olankhula pa chochitika chimodzi asapitirire 3 kapena 4, ndipo kutalika kwake muyeze powerenga mokweza ndi wotchi, osati powerenga masamba.

Kulemba pafoni ndi kulemba m'kope, chabwino n'chiti?
*Wowerenga wanu*

Chimene muli nacho pafupi. Foni imawerengera yokha kuchuluka kwa mawu ndipo imakhala m'thumba, koma zimitsani intaneti mphindi 15 zimenezo, ndiponso zimitsani chokonza mawu chija, chifukwa chimasandutsa Chichewa kukhala Chingerezi chopanda mutu. Kope limachedwetsa dzanja, zimene zimathandiza pa ndakatulo, ndipo zofufuta zimaonekabe. Chilichonse mwa ziwirizi, lembani deti pamwamba ndipo sungani zonse malo amodzi. Za pafoni muzikhala ndi pena pozisungira, mafoni amatayika.

Aphunzitsi anga amati nkhani zanga zili ngati malipoti: "anapita, ndipo anaona, ndipo anakwiya kwambiri". Ndingayesere chiyani kuti zikhale ndi moyo?
*Mtsikana wa Fomu 3*

Mwana wathu, aphunzitsiwo akupatsa kale poyambira. Tenga nkhani yako imodzi, uzunguze ndi pensulo "ndipo", "kenako" ndi "kwambiri" aliyense. Uwawerenge. Pa tsamba limodzi ukapeza "ndipo" woposa 5, theka uchotse: pena uike mpumiro, pena ugwiritse "n'ku-", monga "anatsegula chitseko n'kulowa". "Kwambiri" nthawi zambiri amaulula kuti mneni amene wasankha ndi wofooka. "Anathamanga kwambiri" akhoza kukhala "analiyatsa liwiro".

Tsopano za "anakwiya". Lipoti limatchula dzina la zimene munthu akumva, nkhani imaonetsa zimene thupi lake likuchita. Tsiku lililonse sankha chimodzi, mkwiyo, manyazi, nsanje, mantha, ulembe ziganizo 5 osachitchula. M'malo mwa "anakwiya kwambiri" ungalembe kuti, "Anatseka chitseko ndi phazi, makiyi n'kuwaponya patebulo osayang'ana aliyense." Ziganizo ziwiri zoyambirira zimakhala zimene aliyense angalembe, kunjenjemera ndi kutuluka thukuta. Chabwino chimabwera pa chachinayi kapena chachisanu, n'chifukwa chake tikuti 5. Upatse mnzako awerenge, akatchula molondola chimene munthuyo akumva ndiye kuti wakhoza.

Mivekero ndi chuma chimene zilankhulo zambiri zilibe chochuluka chonchi. "Anangoti kakasi", "m'nyumba muli zii", "maso ali psuu", "anangoti balamanthu": mawu amodzi agwira ntchito ya chiganizo chonse. Koma ali ngati mchere. Umodzi pa ndime wakwana, ndipo uuike pamene chinthu chikusintha, osati paliponse. Yesa kulemba ndime yopanda mvekero, kenako usankhe malo amodzi okha oyenera.

Palinso kusasinthasintha kwa nthawi ya aneni. Ukayamba ndi "adapita" usadumphire ku "anapita" pakati pa nkhani, sankha imodzi. Ndipo funsa kuti nkhaniyi tikuionera m'maso mwa yani. Lemba chochitika chimodzi katatu, mawu 100 ulendo uliwonse: koyamba ndi "ine" wa mwana amene waswa galasi la zenera, kachiwiri ndi "ine" wa mwini nyumba, kachitatu ngati munthu wongodutsa amene sakudziwa maganizo a aliyense. Lamulo ndi loti mpangankhani asanene zimene sangazione kapena kuzimva. Apa ndi pamene ambiri amaterereka: mwana akufotokoza, mwadzidzidzi tikumva zimene mwini nyumba akuganiza m'chipinda china.

Pomaliza, yamba mochedwa. Nkhani zambiri za ophunzira zimayamba ndi kudzuka, kusamba ndi kuvala, pamene nkhani yeniyeni ikuyamba pa ndime yachitatu. Fufuta ndime ziwiri zoyambirira uone ngati pali chasowa.

Ndimaphunzitsa kalasi yaikulu ndipo ndili ndi mphindi 10 zokha zoti ana alembe. Ndi zoyeserera ziti zimene sizifuna kuti ndichonge makope onse usiku uliwonse?
*Mphunzitsi wa Chichewa*

Aphunzitsi, sankhani zimene ana angachongerane okha chifukwa lamulo lake ndi looneka. Chilapi ndiye choyamba. Mwana aliyense asankhe chinthu cha m'kalasi, alembe zinthu 5 zimene chimachita, kenako achilankhulitse ngati munthu osachitchula dzina: "Ndikamagwira ntchito ndimafupika, ndikalakwa kumchira kwanga kumakonza." Mnzake wa pambali akalephera kupeza kuti ndi pensulo ya labala, kapena akapeza asanamalize kumva, chilapicho chikonzedwe. Mwana amene wazolowera zimenezi savutika mukafika pa zifanifani ndi umunthu m'ndakatulo, wazichita kale ndi manja ake.

China ndi kuletsa lembo. Wolemba wa ku France, Georges Perec, anasindikiza buku lathunthu mu 1969 lopanda lembo la "e", lomwe ndi lofala kwambiri m'Chifalansa. M'Chichewa chofanana nacho ndi kuletsa "a", ndipo n'kovuta zedi chifukwa aneni ambiri amathera pamenepo. Yambani ndi kuletsa "o" kapena "u", ziganizo 3. Akazolowera, apatseni "a" kwa chiganizo chimodzi chokha. Zimatheka: "Upite lero, ubwere usiku." Ana amatulukira okha kuti mneni akathera ndi "e" tanthauzo lasintha, ndipo phunziro la malamulo a chilankhulo lalowa popanda kulilemba pabolodi.

Pa nthano, apatseni mafupa okha: "Padangokhala", nyama ziwiri, chinthu chimodzi choletsedwa, kuyesa katatu, kachitatu n'kusiyana ndi koyamba kuwiri. Aletseni kugwiritsa ntchito Kalulu ndi Fisi kwa mwezi umodzi, apo ayi mulandira nthano zomwe anamva kale. Aletseninso kulemba phunziro kumapeto. Anzawo ndiwo anene chimene aphunzirapo.

Chimangirizo musachipereke chathunthu m'mphindi 10. Chiduleni. Lero chiganizo chimodzi chonena mbali imene mwana waima, chimene munthu wina angachitsutse: "Mayeso ndi ofunika" n'chofooka, "Mayeso a kumapeto kwa chaka achepetsedwe mphamvu" chili ndi mano. Mawa chifukwa chimodzi ndi chitsanzo chake. Mkuja mfundo yamphamvu ya wotsutsa ndi yankho lake. Tsiku lachinayi aliyense alembere mbali imene sagwirizana nayo. Inu tolerani makope 10 patsiku mosinthasintha, ndipo pa kope lililonse lembani chinthu chimodzi chokha choti akonze. Inki yofiira tsamba lonse mwana saiwerenga.

Ndakhala ndikulemba tsiku lililonse kwa miyezi 6, makope awiri adzaza. Ndingadziwe bwanji ngati ndikupita patsogolo? Komanso ndamva za anthu olemba buku la mawu 50,000 m'mwezi umodzi, ndiyesere?
*Bambo wopuma pantchito*

Bambo, tiyambe ndi lachiwirilo. Mawu 50,000 m'masiku 30 ndi mawu 1,667 patsiku, ndipo chiwerengerocho chinapangidwira Chingerezi. M'Chichewa "sitidzawaonanso" ndi mawu amodzi pamene Chingerezi chingafune 6, choncho mawu 1,667 athu ndi katundu wolemererapo. Mpikisano wotere umathandiza munthu amene amangokonza tsamba loyamba osapitirira, koma chotuluka chake ndi dothi loumbira, si mbiya. Ngati muli ndi nkhani yaitali m'mutu, mawu 300 patsiku kwa masiku 200 akupatsani 60,000 popanda kudwala nawo.

Za kupita patsogolo, makope odzaza sayankha funsolo. Kulemba chatsopano tsiku lililonse osabwerera m'mbuyo kumangokhwimitsa zizolowezi, zabwino ndi zoipa zomwe. Kuyambira tsopano, tsiku limodzi mwa atatu alionse likhale lokonza. Tengani cholemba chimene chagona masiku osachepera 7, chifukwa cha dzulo mumachiwerengabe ndi zimene munkafuna kunena, osati zimene zili papepala. Chiwerengeni mokweza, ndipo paliponse lilime lapunthwa kapena mpweya wakutherani ikani kachizindikiro. Mukatero dulani: cha mawu 300 chifike 200, mawa lake 100 ndendende. Pa 200 mumachotsa afotokozi ndi zobwereza, sizipweteka. Pa 100 mumayenera kusankha kuti nkhaniyo ndi ya chiyani, ndipo kawirikawiri mumapeza kuti chiganizo chimene munkachinyadira ndicho chosafunika. Nthawi zina ya 200 ndiyo imakhala yabwino koposa. Sungani zonse zitatu muyerekeze.

Tsegulani tsamba lomaliza la kope mulembepo zizolowezi zanu zimene mwazigwira: mawu amene mumawabwereza, mmene mumayambira (dzuwa likutuluka?), mmene mumathera (munthu akudzidzimuka kutulo?). Chilichonse cholembedwa pamenepo chisanduke lamulo loletsa la sabata yotsatira.

Muyeso weniweni ndi uwu. Pezani choyeserera chimene munachita sabata yoyamba, koma musawerenge zimene munalemba. Chichiteninso lero, nthawi yofanana, mawu ofanana. Kenako perekani zonse ziwiri kwa anthu awiri owerenga, popanda madeti, ndipo musawafunse ngati zili bwino, chifukwa adzati zili bwino. Afunseni mafunso 3: pamene chidwi chawo chinathera, chiganizo chimene akuchikumbukira atatseka pepala, ndi chimene sanamvetse. Onse awiri akaloza malo amodzi, konzani pamenepo. Akasiyana, chisiyeni sabata ina, mudzachiwerengenso nokha mokweza musanasinthe kanthu.